Mayunivesite Ali Ndi Ngongole Kwa Ana A Ku China

M'chaka cha 2017 akuluakulu a yunivesite ya Illinois ku Urbana-Champaign, m'dziko la America, anachita chinthu chimene anthu ambiri anali asanamvepo. Iwo anapangana ndi eni inshuwalansi kuti yunivesiteyo izilipira madola 424,000 chaka ndi chaka, ndipo kuti ngati chiwerengero cha ophunzira ochokera ku China chitatsika mwadzidzidzi m'nthambi zake za zamalonda ndi zauinjiniya, eni inshuwalansiwo adzapereke chipukutamisozi chofika pa madola 60 miliyoni. Palibe chifukwa chowadzudzulira akuluakuluwo, pakuti mwini nkhokwe aliyense amaiteteza chiswe chisanalowe. Komatu panganolo likuonetsa poyera malo amene mwana wa ku China ali nawo m'mabuku a chuma a mayunivesite ambiri a kumaiko a azungu. Ndalama yake inapezeredwa chitetezo cholembedwa ndi kusainidwa. Chimene chikusowa m'malo ambiri ndi chitetezo cha mwini ndalamayo, mnyamata kapena msungwana amene watsika ndege ndi masutikesi awiri m'dziko limene alibemo mbale.

Ana amenewa ndi ochuluka ndithu. M'chaka cha maphunziro cha 2019/20 ku America kunali ophunzira a ku China oposa 370,000, ndipo pofika 2023/24 anali atatsika kufika pa 277,000, a ku India n'kuwapitirira. Ku Britain analipo oposa 150,000 m'chaka cha 2021/22. Ku Australia ndi ku Canada nakonso alipo zikwizikwi. Ku England mwana wa m'dzikomo ankalipira mapaundi 9,250 pachaka kuyambira 2017 mpaka 2024, popeza boma linaletsa kukweza mtengowo, pamene mlendo wokhala m'kalasi yomweyo ndi kumvera mphunzitsi yemweyo amalipira kawiri, katatu, nthawi zina kuposa pamenepo. Ndalama yapamwambayo ndiyo imathandiza kuyendetsa kafukufuku ndi kumanga nyumba zatsopano. Izi eni mayunivesitewo sabisa.

Amene anatsegula khomo limeneli ndi Deng Xiaoping, amene iye mwini anapita ku France mu 1920 ali ndi zaka 16, ndipo ndalama zitamuthera anakagwira ntchito m'mafakitale. Mu 1978 iye analamula kuti ophunzira ambiri azitumizidwa kunja, ndipo mu Disembala chaka chomwecho gulu loyamba la anthu 52 linanyamuka ulendo wa ku America. Amenewo analipiriridwa ndi boma. Masiku ano ambiri amalipiriridwa ndi makolo, ndipo ochuluka a iwo anabadwa m'nyengo ya lamulo la mwana mmodzi pabanja, limene linatha mu 2015. Alipo ana a mpondamatiki, zoona, koma aliponso ana a aphunzitsi, a eni timasitolo ndi a ogwira ntchito m'boma, amene asunga ndalama kwa zaka zambiri. Mwana woteroyo akakwera ndege amasenza chiyembekezo cha bambo, mayi ndi agogo anayi, ndipo alibe mng'ono wodzayesanso iye akalephera.

Dandaulo limene limamveka kawirikawiri m'makonde a mayunivesite ndi lakuti ana a ku China ngodzipatula. Akuti amayenda okhaokha, amadya okhaokha, amalankhula Chitchaina chokhachokha, ndipo m'kalasi amangoti duu ngati kuti funso silikuwakhudza. Ena amafika ponena kuti n'chibadwa chawo. Mawu otere ngosavuta kuwanena, chifukwa amachotsa mlandu pakhomo pa yunivesite n'kuusenzetsa mlendo. Koma mbiri yakale ikuwatsutsa.

Mu 1854 Yung Wing analandira digiri pa Yale, ndipo ndiye anali munthu woyamba wa ku China kutsiriza maphunziro pa yunivesite ya ku America. Atabwerera kwawo anavutika zaka zambiri kunyengerera akuluakulu a boma la mfumu, mpaka mu 1872 analoledwa kuyamba kutumiza anyamata ku America. Anapita anyamata 120, m'magulu anayi a 30, ndipo likulu lawo linali mumzinda wa Hartford. Anyamatawo sanaunjikidwe m'nyumba imodzi ayi. Anagawidwa m'mabanja a ku Connecticut ndi Massachusetts, owerengeka panyumba iliyonse, namadya patebulo limodzi ndi eni nyumba ndi kupita kusukulu limodzi ndi ana a m'mudzimo. Patangopita zaka zochepa anali kulankhula Chingerezi ngati eni ake, anali ndi timu yawo ya baseball, ndipo mmodzi wa iwo, Chung Mun Yew, ndiye ankawongolera bwato la Yale pa mpikisano wopalasa. Anazolowera kwambiri kotero kuti akuluakulu a kwawo anachita mantha kuti ataya mwambo, ndipo ichi chinali chimodzi mwa zifukwa zimene anawaitanitsira onse mu 1881. Mwa iwo munatuluka Zhan Tianyou, amene anamanga njanji yochokera ku Beijing kupita ku Zhangjiakou yomwe inatha mu 1909, ndi Tang Shaoyi, nduna yaikulu yoyamba ya China mfumu itachotsedwa mu 1912.

N'zoona kuti anyamatawo anali aang'ono, ndipo lilime la mwana silichedwa kupindika. N'zoonanso kuti anthu 150,000 sangapezeredwe mabanja owalera. Komabe nkhaniyi ikutsimikiza chinthu chimodzi: pamene olandira alendo anakonza zakuti mlendo asakanikirane ndi eni mudzi, anasakanikiranadi.

Tsono makonzedwe a lero ndi otani? Ku Britain digiri yachiwiri imatenga chaka chimodzi chokha. Wophunzira amapeza malo kudzera mwa amkhalapakati amene mayunivesite ambiri amawalipira pa mutu uliwonse umene abweretsa, ndipo amkhalapakatiwo amaloza ana onse ku maphunziro ochepa omwewo, monga a zamalonda, a zachuma ndi a zofalitsa nkhani. Ngati Chingerezi chake n'choperewera, amafika miyezi ingapo sukulu isanatsegulidwe kudzachita maphunziro okonzekera, ndipo m'kalasi imeneyo anzake ambiri ndi a kwawo. Malo ogona amapeza m'nyumba zazitali za makampani zimene zimatsatsidwa m'Chitchaina. Mu Sepitembala akalowa m'kalasi yeniyeni, m'maphunziro ena amapeza kuti pafupifupi aliyense wokhala kumanja ndi kumanzere kwake ndi wa ku China. Kodi Chingerezi achilankhula ndi yani? Ana ambiri amadandaula okha kuti anawoloka nyanja n'kukapezanso kalasi ya kwawo. Lipoti limene bungwe la HEPI la ku Britain linatulutsa mu 2024 linanena zomwezi, ndipo linaonjeza kuti ena mwa ophunzirawa amadziona ngati gwero la ndalama chabe.

Kotero ntchito yoyamba ili m'ofesi yolembera ophunzira, mwana asananyamuke n'komwe. Yunivesite imene ikufunadi kuthandiza iyenera kuyang'ana kalasi iliyonse payokha, ndi kulimba mtima kukana kudzaza kalasi imodzi ndi anthu a dziko limodzi, ngakhale kutero kutaitayitsa ndalama. Iyenera kusunga malo m'nyumba zake zogona ndi kugawa zipinda mosakaniza, pakuti ubwenzi wa ophunzira umayambira kukhitchini, pamene wina akufunsa mnzake chimene chikununkhira mumphika. Akuluakulu ambiri safuna kumva zimenezi, chifukwa n'kosavuta kuchititsa phwando la mbendera ndi zakudya za maiko kamodzi pachaka kusiyana ndi kuchepetsa chiwerengero cha olipira. Koma walira mvula walira matope. Amene akufuna ndalama ya mlendo alandirenso ntchito imene imadza ndi mlendoyo.

Nkhani ya chinenero njofunika kuikhalira pansi. Mayunivesite ambiri amalandira munthu amene wapeza 6.5 pa mayeso a IELTS, kenaka n'kumamuona ngati watha zonse. Ogwira ntchito m'boma m'dziko muno amene anatumizidwapo ku London, Manchester kapena Glasgow kukachita maphunziro akudziwa bwino kuti Chingerezi cha m'buku ndi Chingerezi cha woyendetsa basi wa ku Glasgow zili ngati zinenero ziwiri. Iwotu anaphunzira masamu, mbiri ndi sayansi m'Chingerezi kuyambira ali kupulayimale. Mwana wa ku China anaphunzira zonsezo m'Chitchaina, ndipo Chingerezi chinali phunziro limodzi chabe, loyesedwa makamaka pa kuwerenga ndi kulemba. Thandizo la chinenero liyenera kuyenda naye chaka chonse, ndipo likhale m'kati mwa phunziro lake lenileni, kuti wophunzira zachuma aphunzire kulemba ndi kutsutsa monga amachitira a zachuma. Kalasi yapadera ya madzulo, imene munthu amalowamo mwamanyazi ngati wodwala wopita kwa sing'anga usiku, siikopa amene akuifunitsitsa.

Kukhala chete m'kalasi nako kuli ndi gwero lake. Mwana ameneyu wakulira m'makalasi aakulu okonzekera mayeso a gaokao, amene mu 2024 analembetsa anthu oposa 13 miliyoni, ndipo m'makalasi otero mphunzitsi amalankhula, ana namalemba. Waphunzitsidwa kuti kutsutsa mphunzitsi pagulu n'chipongwe, ndiponso kuti kuyankha usanaganize bwino n'kutayitsa anzako nthawi. Mwambo umenewu si wachilendo kwa munthu wa kuno, kumene mwana sadula mawu a mkulu. Mphunzitsi wozindikira amapereka mafunso tsiku lisanafike, amayamba ndi timagulu ta anthu atatu kapena anayi, ndipo akafunsa funso amadikira pang'ono m'malo mopatsa mpata yemwe wakweza mkono msanga. Magulu a ntchito amawagawa yekha, chifukwa akawasiyira ophunzira, eni dziko amathamangira kwa eni dziko anzawo ndipo alendo amatsala okha, osati mwa kufuna kwawo. Zonsezi zimadya nthawi, ndipo yunivesite iyenera kuiwerengera nthawiyo pa ntchito ya mphunzitsi.

Pali zinthu ziwiri zimene zinachitika m'mwezi umodzi, Januwale 2019, zoonetsa mmene ofesi ingalakwire ikuganiza kuti ikuthandiza. Yunivesite ya Liverpool inatumiza kalata kwa ophunzira akunja yowachenjeza za kubera mayeso, ndipo m'kalatamo inamasulira mawu akuti kubera m'Chitchaina chokha, ponena kuti ophunzira a ku China sawadziwa bwino mawuwo. Mkulu wa yunivesiteyo anapepesa. Ku Duke, m'dziko la America, woyang'anira maphunziro ena a digiri yachiwiri analembera ophunzira kuti azilankhula Chingerezi chokha m'nyumba ya sukuluyo, ati chifukwa aphunzitsi ena anadandaula atamva Chitchaina pamalo opumulira, ndipo anawachenjeza kuti zimenezi zingawatsekere mwayi m'tsogolo. Iye anatula pansi udindowo. Makalata onse awiri anali ndi nthenda imodzi, yoona mtundu wonse ngati wokayikitsa. Kukopera zolemba za ena ndi vuto lenileni, ndipo amalonda olembera ophunzira ntchito, amene England inawaletsa mwalamulo mu 2022, amasakasaka ana ameneyu m'chinenero chawo pa nthawi imene athedwa nzeru. Mankhwala ake ndi kuphunzitsa m'masabata oyamba, kwa wophunzira aliyense, katchulidwe ka eni maganizo amene munthu wabwereka, ndi kupereka ntchito yoyeserera imene ikonzedwa popanda chilango. Za chinenero cha kwawo, munthu amene wakhala maola asanu ndi limodzi akulimbana ndi Chingerezi ali ndi ufulu wopumitsa lilime pa nthawi ya nkhomaliro.

Dzina nalo lili ndi kulemera kwake. Ambiri amadzipatsa maina Achingerezi kuti apeputsire aphunzitsi ntchito. Mu 2017, mapepala a maina Achitchaina atang'ambidwa pazitseko za zipinda zogona pa yunivesite ya Columbia, ophunzirawo anajambula kanema wofotokoza tanthauzo la dzina la aliyense ndi chimene makolo anali kulakalaka pomutcha. Mphunzitsi amene angathe kutchula Dostoevsky sangalephere kuphunzira Zhang kapena Xu.

Chinanso chimene maofesi amaiwala ndi njira yofikitsira uthenga. Ku China Google, Facebook ndi WhatsApp n'zotsekedwa, ndipo moyo wonse, kuyambira kucheza mpaka kulipira m'sitolo, umayenda pa WeChat. Yunivesite imatumiza makalata ataliatali a pa intaneti, khumi patsiku, ndipo chenjezo lofunika limamira pakati pa zoitanira ku masewera. Akathyali ndiwo amadziwa pomupezera mwanayo. Amamuimbira foni m'Chitchaina, nadzitcha apolisi a kwawo kapena a ku ofesi ya kazembe, n'kumuuza kuti dzina lake lapezeka pa mlandu waukulu ndipo adzamangidwa kapena kubwezedwa akapanda kumvera. Amamulamula kuti asauze munthu, akabisale kuhotela, azimitse foni, ndipo adzijambule atadzimanga manja. Zithunzizo amazitumiza kwa makolo n'kuitanitsa dipo. Mu Julayi 2020 apolisi a ku New South Wales, m'dziko la Australia, analengeza kuti m'chaka chimenecho chokha anali atalandira milandu 8 yotere, ndipo mabanja anali atalipira madola a ku Australia 3.2 miliyoni. Chenjezo la tsamba limodzi, lolembedwa m'Chitchaina ndi kuperekedwa kwa mwana ndi makolo ake asanasiyane pabwalo la ndege, lingapulumutse ambiri. Pafunikanso munthu mmodzi wodziwika dzina, amene wophunzira akasowa m'kalasi masiku atatu amanyamuka kukagogoda pachitseko.

Pa za umoyo, kafukufuku amene anachitika pakati pa ophunzira a ku China pa Yale, ndipo zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2013, anapeza kuti 45 mwa 100 alionse anali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo, ndipo oposa mmodzi mwa anayi sankadziwa n'komwe kuti pasukulupo pali alangizi. Ena amadziwa koma amaopa. Amaganiza kuti zimene anena zikafika kwa makolo, kapena zidzalembedwa pa satifiketi, kapena zidzaononga chiphaso chawo chokhalira m'dzikomo. Kuwauza momveka kuti chinsinsi chimasungidwa n'kofunika kuposa kupachika zikwangwani. Ndipo munthu amene mtima wasweka safotokoza bwino m'chinenero chobwereka, motero alangizi olankhula Chitchaina ayenera kulembedwa ntchito kuchokera pa fizi yomweyo. Nyengo yoopsa ikudziwika. Pa Khirisimasi eni dziko amapita kwawo, nyumba zogona n'kutsala zii, kunja kukuda 4 koloko masana. Kenaka chaka chatsopano cha ku China, tsiku limene banja lililonse limasonkhana, chimagwa pakati pa Januwale ndi Febuluwale, sukulu ili m'kati, nthawi zina pa sabata la mayeso. Mwanayo akamatuluka m'kalasi ku London madzulo, ku Beijing kuli pakati pa usiku, pakuti m'nyengo yozizira nthawi imasiyana ndi maola 8.

Ofesi yothandiza kupeza ntchito nayo izikumbukira kuti ambiri mwa ana amenewa amabwerera kwawo, ndipo makampani aakulu a ku China amalemba anthu makamaka kuyambira Sepitembala mpaka Novembala, pamene wophunzira wa ku Britain wangopereka kumene chimangirizo cha maphunziro ake ndipo satifiketi sinatuluke.

Chovuta kuposa zonse ndi ndale za maiko. Mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, ana a ku China ndi ena ofanana nawo nkhope ananyozedwa ndi kumenyedwa m'misewu ya mizinda ingapo. Chaka chomwecho boma la America linaletsa ophunzira ena a maphunziro apamwamba amene linawaganizira kuti ali pa ubale ndi asilikali a China, ndipo pofika Sepitembala linali litalanda ziphaso zoposa 1,000. Mu Meyi 2025 nduna yoona za kunja, Marco Rubio, inalengezanso kuti ziphaso za ophunzira ena a ku China zilandidwa. Mbali inayi, bungwe la Amnesty International linalemba mu 2024 kuti ophunzira ena amaopa kulankhula momasuka m'kalasi poopa kuti mawu awo akafika kwawo ndi kuvutitsa makolo. Mwanayo ali pakati pa miyala iwiri ya mphero. Yunivesite siingasinthe maganizo a maboma, koma ingathe kukhala ndi odziwa malamulo omuthandiza chiphaso chikavuta, ingathe kuletsa kujambula mawu a anzako m'kalasi, ndipo ingathe kuchita monga aphunzitsi ena a ku Oxford mu 2020, amene analola ophunzira za China kupereka zolemba zawo popanda maina. Ngati m'nyumba ya kafukufuku muli zinsinsi zoyenera kutetezedwa, zitetezedwe ndi malamulo ogwira aliyense wolowamo, osati poyang'ana nkhope.

Izi zinachitikapo kale. Qian Xuesen anafika ku America mu 1935, naphunzira pa MIT, kenaka pa Caltech pansi pa Theodore von Kármán, ndipo anali mmodzi mwa oyambitsa Jet Propulsion Laboratory. Mu 1945 boma la America linamutuma ku Germany kukafunsa mafunso akatswiri a maroketi a kumeneko, kuphatikizapo Wernher von Braun. Mu 1950 boma lomwelo linamuganizira kuti ndi wa chikomyunizimu, linamulanda chilolezo chogwira ntchito zachinsinsi, linamutsekera kwa masabata awiri, ndipo kwa zaka zisanu linamuletsa kuchoka kwinaku likumulonda. Anzake a pa Caltech sanamutaye. Mkulu wa sukuluyo, Lee DuBridge, analimbikira kumuikira kumbuyo, ngakhale sanapambane. Mu 1955 Qian anakwera sitima ya pamadzi kubwerera kwawo, nakatsogolera ntchito ya mizinga ndi maroketi imene mu 1970 inaponya setilaiti yoyamba ya China mumlengalenga. Ku America sanapondenso. Mu 1979 Caltech inamupatsa mphoto imene imapereka kwa ophunzira ake akale otchuka, koma iye sanapite kukailandira, ndipo inadikira mpaka 2001 pamene mnzake wakale, Frank Marble, anainyamula kukamupatsa kunyumba kwake ku Beijing.